Laputopu siigulidwa ndi dzina la pachivundikiro

Malaputopu awiri akhoza kukhala ndi dzina limodzi, nambala imodzi, purosesa imodzi ngakhalenso mtengo umodzi, koma ukawayatsa n'kuwaika pathebulo limodzi upeza kuti si mapasa ayi. Ina sikirini yake ikuwala bwino, zilembo zikuoneka zakuthwa. Inayo ndi yotuwa, ndipo ukangopendeketsa mutu pang'ono nkhope za anthu zikusanduka ngati mizukwa. Onse awiri alembedwa Lenovo ThinkPad T480, kapena HP EliteBook 840. Palibe yabodza. Nanga kusiyanako kwachokera kuti?

Funsoli si lamasewera kwa inu a Fomu 3 ndi Fomu 4. Ambiri mukangolemba MSCE muyamba kulira laputopu, kaya yopita nayo ku MUBAS, ku KUHeS kapena ku Soche Technical College. Tikudziwa mmene ndalama yake imabwerera kwathu kuno ku Ndirande, ku Bangwe kapena ku Machinjiri: mayi akalandira kuchipereganyu, kapena akagawana ku banki m'khonde kumapeto a chaka, kapena amalume a ku Johannesburg akakumbuka. Imagulidwa kamodzi, nthawi zambiri yogwiritsidwapo kale ntchito kunja, ndipo iyenera kukufikitsani kumapeto a maphunziro. Koma mvetserani mmene anthu amatsatsirana m'mashopu a ku Limbe ndi m'tauni. Funso limakhala limodzi: "Ndi Core i chani?" Akayankha kuti i7, basi, munthu akuwerenga ndalama.

Maganizo anga ndi akuti funso limeneli si loyenera kuyamba. Loyamba likhale la sikirini, lachiwiri likhale la thanzi la chosungira mafayilo. Ndipo pa mkangano umene anthu amaukonda pa intaneti, woti SSD ya kampani iti ndiyo yabwino, ine ndimaona kuti wophunzira asataye nawo tulo. Ndifotokoza chifukwa chake.

Choyamba dziwani kuti HP, Dell ndi Lenovo sapanga okha masikirini, sapanganso ma chip amene amasunga mafayilo. Amagula kwa ena n'kulumikiza. Masikirini ambiri amachokera ku BOE ya ku China, AUO ndi Innolux za ku Taiwan, LG Display ndi Samsung Display za ku South Korea, komanso Sharp ya ku Japan. Ma chip a mu SSD amapangidwa ndi makampani owerengeka: Samsung, SK hynix, Micron, SanDisk, YMTC ndi Kioxia, imene mpaka 2019 inkatchedwa Toshiba Memory. Zili ngati telala wa pamsika wa Zingwangwa amene akusoka yunifolomu ya sukulu yanu. Sabata ino nsalu waigula kushopu ina, sabata yamawa kwina. Mtundu ndi womwewo, kasokedwe n'komweko, koma ikachapidwa kasanu ina yasuluka, ina ikadali nganganga.

Kodi ndi chinyengo? Ayi, ndipo apa ndiwaikire kumbuyo pang'ono opanga malaputopu. Amene amadalira wogulitsa mmodzi amagona ndi njala tsiku limene wogulitsayo watseka. Mu 2011 madzi osefukira ku Thailand anamiza mafakitale opanga ma hard disk, kuphatikizapo a Western Digital, ndipo mitengo inakwera pafupifupi kawiri padziko lonse. Kumayambiriro kwa 2022 zinthu zina zogwiritsa ntchito popanga ma chip zinadetsedwa m'mafakitale a Kioxia ndi Western Digital ku Yokkaichi ndi Kitakami ku Japan, katundu wambirimbiri n'kuwonongeka. Kampani imene ikufuna kutulutsa malaputopu mamiliyoni siingaimike ntchito chifukwa fakitale imodzi yamira. Imagula kwa atatu kapena anayi, n'kungoonetsetsa kuti onse akufika pa mlingo umene inalonjeza. Vuto ndi lakuti wina amangokhudza mlingowo, wina amaupitirira kwambiri, ndipo pabokosi salembapo.

Ngakhale Apple, imene anthu amaitchula ngati siilakwa, inakumana nazo. MacBook Pro yoyamba ya sikirini ya Retina, ya mu 2012, inkabwera ndi sikirini ya LG kapena ya Samsung, ndipo ogula ambiri amene anapeza ya LG anadandaula kuti chithunzi chakale chinkatsalira ngati chithunzithunzi pambuyo potseka pulogalamu. Mu 2022 MacBook ya M2 ya 256GB inapezeka kuti SSD yake inali yochedwerapo kuposa ya M1 imene inabwera kale, chifukwa anaikamo chip imodzi yaikulu m'malo mwa ziwiri zazing'ono zogawana ntchito. Yatsopano, yokwera mtengo, koma yochedwa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tsopano tilowe mu SSD muja. Mulibe chilichonse chozungulira. Muli timaselo mabiliyoni, kalikonse ndi kathiranzisita kamene kamatha kutsekera ma elekitironi m'kati mwake, ngakhale magetsi atazima. Luso limeneli, lotchedwa flash, analitulukira Fujio Masuoka ku Toshiba m'zaka za m'ma 1980. Ganizirani ndowa pa kiyosiki ya madzi. Mukangofunsa kuti ndowa ili ndi madzi kapena ilibe, mayankho ndi awiri okha, 1 kapena 0. Imeneyo ndi bit imodzi pa selo, ndipo imatchedwa SLC. Kuwerenga kwake n'kosavuta, ngakhale madzi atatayikira pang'ono panjira yankho silisintha. Koma kuti selo limodzi lisunge ma bit 3, zimene zimatchedwa TLC, muyenera kusiyanitsa milingo 8 ya madzi mu ndowa yomweyo. Ma bit 4, QLC, amafuna milingo 16. Apa ndiye kuthira kumafuna dzanja lodekha, n'chifukwa chake kulemba kumachedwa, ndipo kadontho kamodzi kakatayika nambala ikhoza kuwerengeka molakwika. Komanso nthawi iliyonse imene selo lafufutidwa n'kulembedwanso, khoma lake lotsekera ma elekitironi limaperepeseka pang'ono.

Opanga ali ndi kanjira kobisira kuchedwako. Gawo lina la SSD amaliyendetsa ngati SLC, kuti lizilandira mafayilo mothamanga, kenako SSD ikapeza mpata imawasamutsira kumalo ake enieni. Zili ngati kuanula zovala mvula ikubwera: umangoziponya pabedi, kupinda pambuyo. Bedi likadzaza uyenera kupinda chimodzichimodzi usanabweretse china. Ndiye mukamakopera mafilimu ambiri nthawi imodzi n'kuona liwiro likuyamba bwino kenako n'kugwa mwadzidzidzi, bedi ladzaza. Apa ndi pamene SSD ya kampani ina imasiyana ndi ya ina, ndipo nthawi zina kusiyanako kumakhala m'kati mwa dzina limodzi. Mu 2021 kunadziwika kuti Crucial P2 inasinthidwa kuchoka ku TLC kupita ku QLC dzina osasintha, ndipo chaka chomwecho WD Blue SN550 nayo inasinthidwa ma chip, kulemba kwake kwa mafayilo aakulu n'kutsika.

Mwina mwayamba kuchita mantha. Tiyeni tiwerengere kaye. Samsung imalonjeza kuti 870 EVO ya 1TB, imene ndi TLC, ipirira kulembedwa ma terabyte 600. Mng'ono wake 870 QVO ya 1TB, imene ndi QLC, ndi ma terabyte 360. Tinene kuti inu mumalemba 20GB tsiku lililonse, zimene n'zambiri kwa munthu wolemba manotsi ndi kuonera mavidiyo a phunziro. Gawani 360,000 ndi 20. Mupeza masiku 18,000, zaka pafupifupi 49. Kiyibodi idzatha, batire idzafa, mahinji adzathyoka, inuyo mudzakhala ndi zidzukulu, yofookayo isanafike pa malire ake.

Za liwiro n'chimodzimodzi. Hard disk ya mu laputopu, ija ya mbale yozungulira ka 5,400 pa mphindi, imawerenga pafupifupi 100MB pa sekondi. SSD yodzera pa SATA imafika cha m'ma 550MB. Ya NVMe pa PCIe 3.0 imatha kufika 3,500MB. Manambalawa ukawaona umaganiza kuti kudumpha kwakukulu kuli pakati pa SATA ndi NVMe. Koma potsegula Windows kapena Word, kompyuta siwerenga fayilo imodzi yaikulu, imatola timafayilo tambirimbiri tomwazikana. Hard disk imayenera kusuntha kamkono kake n'kudikira mbale izungulire pa fayilo iliyonse, pamene SSD iliyonse, yotchipa kapena yodula, imangofika pomwepo. Kudumpha kumene thupi lako limakumva kuli pakati pa hard disk ndi SSD. Pakati pa SSD ya Samsung ndi ya SK hynix, pa ntchito ya kusukulu, mungafunike wotchi kuti muone kusiyana. Onjezani kuti hard disk siikonda kugwedezeka. Laputopu imene izikwera minibasi ya ku Bangwe tsiku ndi tsiku m'chikwama, m'mabampu muja, ndi bwino isakhale ndi mbale yozungulira m'mimba.

Chimene muyenera kuopa ndi china. Malaputopu ambiri amene amafika kuno anagwira kale ntchito m'maofesi akunja, ndipo makampani ena amachotsa chosungira mafayilo asanawagulitse, poteteza zinsinsi zawo. Wina panjira amaikamo chimene wapeza. Ikhoza kukhala SSD yatsopano yabwinobwino, ikhoza kukhala yotopa yochokera mu kompyuta ina, kapena yopanda dzina lodziwika. Palinso timalaputopu tatsopano tonyezimira tokhala ndi eMMC ya 32GB kapena 64GB. Imeneyi ndi flash ndithu, koma yochedwa, yomatiriridwa pa bolodi, ndipo Windows ikangodzikonza kangapo malo atha. Kameneko ine sindingakulangizeni, ngakhale pulasitiki yake ikununkhira ufakitale.

Kuyeza n'kosavuta. Dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi, pitani pa Performance, kenako pa Disk. Pamwamba palembedwa dzina lenileni la chosungiracho. Zoyamba ndi MZ ndi za Samsung, HFS kapena HFM ndi za SK hynix, KXG kapena KBG ndi za Toshiba kapena Kioxia. Pulogalamu yaulere ya CrystalDiskInfo imawerenga kaundula amene SSD imadzisungira yokha: thanzi lake, kuchuluka kwa zimene zalembedwapo, ndi maola amene yakhala ikuyaka. Chaka chili ndi maola 8,760, ndiye mukaona 26,000 dziwani kuti yayaka pafupifupi zaka zitatu usana ndi usiku. Zimenezo pazokha si imfa. Koma ikalemba Caution, ndi mtundu wachikasu, bwezani. Ndipo musakangane ndi wogulitsa mukaona 238GB pamene iye anati 256GB. Sanakubereni. Opanga amawerenga m'ma 1,000, Windows imawerenga m'ma 1,024. Gawani 256,000,000,000 ndi 1,024 katatu muone.

Tsopano sikirini, imene ndi nkhani yanga yeniyeni. SSD ikakuvutani, m'malaputopu ambiri a m'maofesi mumamasula tizisikuluwu tingapo n'kuikamo ina, ndipo akonzi alipo ambiri. Sikirini n'kotheka kusintha, koma muyenera kupeza ya kukula komweko, ya polumikizira pofanana, ya mapini 30 kapena 40, ndipo mtengo wake umapweteka. Kunena zoona ambiri sasintha. Amakhala nayo zaka zinayi, maola asanu kapena asanu ndi limodzi pa tsiku, maso ali pomwepo. Purosesa simuiona. Sikirini ndiyo laputopu imene maso anu amaidziwa.

Kumbuyo kwa sikirini ya LCD kuli nyali za LED zoyera zimene zimayaka nthawi zonse. Kuwalako kumadutsa pa sefa yoyamba imene imalola mafunde ogwedezeka mbali imodzi yokha. Kutsogolo kuli sefa yachiwiri yoikidwa mopingasa ndi yoyambayo, moti pakanapanda china pakati, kuwala konse kukanatsekeka. Pakatipo pali madzi odabwitsa otchedwa liquid crystal, amene mamolekyu ake ndi aatali ngati timitengo ta machesi ndipo amatha kupotoza kuwala kuti kudutse pa sefa yachiwiri. Magetsi pang'ono akafika, timitengoto timasintha kaimidwe, kuwala kodutsa n'kuchepa kapena kuchuluka. Kadontho kalikonse ka chithunzi, pikiselo, kali ndi timawindo titatu: kofiira, kobiriwira ndi kabuluu. Bwerekani lenzi ku labu muyang'ane pamalo oyera a sikirini, mutiona. Ndipo ngati wina ali ndi magalasi adzuwa a polarized, yang'anirani nawo sikirini n'kuwatembenuza pang'onopang'ono. Penapake ida bii. Mwapanga nokha sefa yachitatu.

Mtundu wakale umatchedwa TN. Anautulukira Martin Schadt ndi Wolfgang Helfrich ku Switzerland mu 1970, ndipo sikirini ya kakyuleta yanu ndi ya banja lomweli. Mu TN, magetsi akafika timitengo tija timadzuka kuloza kwa woonera. Tsono kamtengo kopendekeka sikaoneka mofanana ukakayang'ana kuchokera pamwamba ndi kuchokera pansi, ndiye kuwala kofika m'diso kumasintha malinga ndi pamene mutu wako uli. Mu IPS, imene Hitachi inayamba kugulitsa mu 1996, timitengoto timatembenuka chogona, mofanana ndi galasi, ngati muvi wa wotchi. Ukayang'ana kuchokera kumbali kapena pamwamba umaona pafupifupi chimodzimodzi.

Wina anganene kuti bola ndikhale kutsogolo kwenikweni. Koma kodi kwathu kuno laputopu imaonedwa ndi munthu mmodzi? Gulu lowerengera limodzi la anthu anayi ku Chilomoni, laputopu imodzi pakampando, vidiyo ya titration ikusewera. Wapakati akuona mtundu ukusintha mu fulasiki, wakumapeto akuona zotuwa, amene waimirira kumbuyo akuona zakuda. Phunziro lonse lagona pa mtundu, ndipo atatu mwa anayi sanauone. TN inapangidwira munthu mmodzi wokhala pa desiki yake. Ife timagawana.

Kenako kuchuluka kwa mapikiselo. T480 yomweyo inkagulitsidwa ndi sikirini ya 1366 x 768 ya TN, ya 1920 x 1080 ya IPS, ngakhalenso ya 2560 x 1440, pachivundikiro dzina lili lomwelo. Chulukitsani: yoyamba ili ndi mapikiselo 1,049,088, yachiwiri 2,073,600, pafupifupi kawiri. Pa yachiwiri mukhoza kuika buku la PDF kumanzere ndi Word kumanja n'kumawerenga zonse ziwiri. Pa yoyamba muzingosuntha tsamba. Dinani batani lakumanja pa desktop, sankhani Display settings, muone nambala yolembedwa Recommended. Kuwala nako kumasiyana. Kumayezedwa m'ma nit, ndipo masikirini otchipa ambiri ali cha m'ma 220, abwinoko 300 kupita m'mwamba. M'shopu ya mdima zonse zimaoneka bwino. Tsiku limene magetsi azima n'kutuluka kukawerengera pakhonde masana a mu Okutobala, ya 220 ija imasanduka kalilole, umangodziona wekha.

Pali chinanso chobisika. Masikirini ena ukachepetsa kuwala sachepetsa mphamvu ya nyali, amangoiyatsa ndi kuizimitsa kambirimbiri pa sekondi. Diso siliona kuphethirako, koma anthu ena mutu umawapweteka akakhalitsa. Tsegulani tsamba loyera, chepetsani kuwala, gwedezani cholembera mofulumira kutsogolo kwake. Mukaona chifunga chimodzi chosalala, zili bwino. Mukaona zolembera zingapo zoima paderapadera, ikuphethira. Popeza ambiri timachepetsa kuwala kuti batire ikhalitse usiku wopanda magetsi, ichi si chaching'ono.

Amene akufuna kudziwa amene anapanga sikiriniyo apite ku Device Manager, pa Monitors, Properties, Details, asankhe Hardware Ids. Zilembo zitatu zimaulula: AUO, BOE, LGD ya LG, CMN ya Innolux, SDC ya Samsung, SHP ya Sharp. Ma Lenovo ambiri amangolemba LEN, kubisa mwini wake. Koma musatengeke n'kuyamba kunena kuti LG ndiye mfumu, BOE ndi zinyalala. Kampani iliyonse mwa amenewa imapanga zotchipa ndi zodula, malinga ndi amene waitanitsa. Dzina la BOE kapena LG nalonso ndi chivundikiro china. Maso anu ndi amene aweruze: tsegulani chithunzi cha nkhope ya munthu, kankhirani sikirini kumbuyo, ibwezeni kutsogolo, yang'anani kuchokera kumbali. Kenako tsamba loyera lokhalokha, kufunafuna timadontho takufa ndi zigamba zowala zimene zimabwera laputopu ikapanikizidwa m'katoni. Kenako lakuda lokhalokha, kuona ngati kuwala kukutuluka m'mphepete.

Ndikudziwa chotsutsa chachikulu: ndalama zathu n'zochepa, timagula chimene chilipo, izi n'za anthu osankha. Ine ndikuona kuti n'chosemphana. Wolemera akalakwitsa amagula ina. Ndi ife amene kulakwitsa kumatikhalira zaka zinayi. Ndiponso pamsika wa zogwiritsidwa kale ntchito mitengo imatsatira purosesa ndi RAM, chifukwa ndi zimene ogula amafunsa, moti si zachilendo kupeza ya IPS ndi ya TN zili pashelefu imodzi mtengo wosasiyana kwenikweni. Atandiikira i7 ya sikirini ya 1366 x 768 ya TN ndi i5 ya m'badwo womwewo ya 1920 x 1080 ya IPS, nditenga i5 osaganiza kawiri, ndipo yotsalayo ndiwonjezera RAM.

Ogulitsa nawo si adani. Ambiri amalandira makatoni osakanikirana ndipo eni ake sanayang'ane kuti muli sikirini yanji. Ena amakana kuti mulowetse fulashi yanu poopa mavairasi, ndipo ali ndi mfundo. Apempheni mwaulemu: "Achimwene, tandiyatsirani ziwirizi ndizione pamodzi, komanso mundionetseko CrystalDiskInfo pa makina anu." Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo zonsezi sizipitirira mphindi 15. Amene akukana ngakhale kuyatsa, kapena akukufulumizitsani kuti kasitomala wina akubwera, musiyeni, mashopu ku Limbe ndi ambiri. Chimene ndingakonde kuona, ndipo sichingawadyere ndalama, n'chakuti pa kapepala kamene amamata pa laputopu kolembedwa i5, 8GB, 256GB, aziwonjezerapo mawu awiri: IPS kapena TN, ndi kuchuluka kwa mapikiselo.

Podikira zimenezo, mukagwirizana mtengo pemphani lisiti, ndipo palembedwe nambala ya siriyo ya laputopuyo, dzina la SSD monga likuonekera mu Task Manager, kuchuluka kwa mapikiselo a sikirini ndi masiku a chitsimikizo amene mwapangana. Ngati mwaisiya kuti akuikireni mapulogalamu n'kudzaitenga mawa, yang'ananinso zinthu zitatu zoyambazo musanatuluke pakhomo. Pakadzabuka mkangano, kaya mukaudandaula kwa mwini shopu kapena ku Competition and Fair Trading Commission, pepalalo ndi limene adzayambe kukufunsani.